Ndinasiya mowa miyezi 7 n'kuyambiranso: kodi vuto ndi ine?

Funso: Ndine bambo wa zaka 38, ndipo ndakhala ndikumwa mowa kwa zaka pafupifupi 15. Chaka chatha ndinasiya, ndinatha miyezi 7 osalawa ngakhale dontho. Tsiku lina titakangana ndi mayi a kunyumba ndinatuluka, ndinadutsa pamalo pomwe ndinkamwera kale, anzanga n'kundiitana. Ndinati ndingomwa botolo limodzi lokha. Pano ndabwerera pomwe ndinali. Chondidabwitsa n'chakuti mowawo sukundikomanso ngati kale, koma chibaba chake chakula. Ndinamva kuti chizolowezi chimatha pa masiku 21. Nanga miyezi 7 yanga ija inapita kuti? Mayiwa akuti ndilibe mtima wofuna kusintha. Kodi akunena zoona?

Yankho: Achimwene, munthu wopanda mtima wofuna kusintha satha miyezi 7 osamwa, ndipo sakhala pansi kulemba funso ngati lanuli. Mtimawo muli nawo. Chomwe chinachitika n'chakuti munausenzetsa katundu yense wokha, pomwe mbali ina ya katunduyo siinyamulidwa ndi mtima. Koma mayiwo musawaweruze. Munthu amene wapirira zaka 15, n'kuona kuwala kwa miyezi 7, kenako mdima n'kubwereranso, amalankhula zomwe ululu wake ukumuuza.

Ndisanapite patali, pali chenjezo lomwe sindingalisiye kumapeto. Ngati panopa mukumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutamwako pang'ono, musasiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Mowa umapondereza ubongo, ndipo ubongo wa munthu womwa tsiku lililonse umazolowera kukankha mwamphamvu kuti ulimbane ndi kuponderezako. Mowa ukachoka tsiku limodzi, kukankhako kumapitirira popanda chokubweza. Thukuta, nseru, kunjenjemera ndi kusowa tulo zimayamba patangotha maola 6 mpaka 24. Ena amagwa ngati a khunyu m'masiku awiri oyamba. Ochepa, cha pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, amasokonezeka mutu, kuona zilubwelubwe, kutentha thupi ndi kuthamanga mtima. Madokotala amalitcha vutoli delirium tremens, ndipo limapha ngati munthu salandira chithandizo. Kuchipatala amapereka mankhwala monga diazepam kwa masiku ochepa, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Kuti ulendo woyamba munasiya bwinobwino si chitsimikizo, chifukwa kwa anthu ambiri vutoli limakula munthu akamasiya n'kuyambiranso mobwerezabwereza. Choncho khomo loyamba ndi la dokotala.

Tsopano tibwere pa chomwe chikukudabwitsanicho, choti mowa sukukoma koma chibaba chakula. Mwina simukudziwa, koma mwafotokoza m'chiganizo chimodzi chinthu chomwe akatswiri anavutika nacho zaka zambiri. Kale ankaganiza kuti mankhwala a mu ubongo otchedwa dopamine ndi amene amatipatsa kukoma. Kent Berridge ndi Terry Robinson, a ku University of Michigan, anasonyeza kuti nkhaniyi siili choncho. Makoswe amene anawachotsera pafupifupi dopamine yense ankanyambitabe milomo akawadonthezera madzi a shuga m'kamwa, kusonyeza kuti kukoma ankakumvabe. Koma sankadzuka kupita kukafuna chakudya, ngakhale chili pafupi. M'chaka cha 1993 awiriwa anafotokoza kuti kufuna ndi kukonda ndi zinthu ziwiri zosiyana mu ubongo, ndipo chilichonse chili ndi njira yake. Mowa, fodya, mankhwala osokoneza bongo, ngakhalenso juga, zikabwerezedwa kwa nthawi yaitali zimanola njira ya kufuna, pomwe njira ya kukonda imanka nibuntha. N'chifukwa chake mungathe kukhala ndi botolo m'manja, osamva kukoma kulikonse, mukudzida, koma dzanja likukweza botololo kukamwa.

Palinso kafukufuku wina amene akufotokoza za malo aja munadutsa. Wolfram Schultz, pomwe ankagwira ntchito ku Fribourg m'dziko la Switzerland, ankayeza maselo a dopamine mu ubongo wa anyani. Nyani akalandira dontho la madzi a zipatso mosayembekezera, maselowo ankalumpha. Kenako anayamba kuyatsa nyali kapena kuliza kabelu dontholo lisanabwere. Patapita nthawi maselo aja anasiya kulumphira dontho, anayamba kulumphira nyali. Ndipo nyali ikayaka koma dontho osabwera, maselowo ankatsika kuposa mmene amakhalira nthawi zonse, pa mphindi yeniyeni yomwe dontho linkayenera kufika. Taganizirani zimenezi. Kwa zaka 15 ubongo wanu wakhala ukulemba nyali zake: msewu uja, kuseka kwa anzanu aja, fungo la pakhomo paja, kulowa kwa dzuwa, ndalama zikangolowa m'thumba, komanso mkwiyo. Tsiku lija nyali zinayi kapena zisanu zinayaka nthawi imodzi. Chibaba chinayamba musanaganize n'komwe, ndipo kukana kunkamveka ngati dzenje m'chifuwa, chifukwa ubongo unali utawerengera kale mowawo.

Mkwiyo ndautchula dala. Katswiri wina wa ku America, George Koob, wakhala akutsindika kuti kumwerekera kumasintha nkhope pakapita nthawi. Poyamba munthu amamwa kuti asangalale. Kenako amamwa kuti asamve kuwawa: nkhawa, kukwiya msanga, kusowa mtendere, zomwe mowa womwewo wazikulitsa posokoneza mbali za ubongo zoona za kupanikizika. Pofika pamenepa mowa umakhala ngati munthu amene wakubaya munga usiku, m'mawa n'kubwera kudzakugulitsa singano yozulira. Ndipo mbali ya kutsogolo ya ubongo, kuseri kwa chipumi, yomwe imatiuza kuti "dikira kaye, ganizira za mawa", ndi yomwe imafooka msanga munthu akakwiya, akatopa kapena akasowa tulo. Mabuleki amalephera pomwe galimoto ili pamtsetse.

Za masiku 21 zija, zitayeni. Chiwerengerochi chinachokera kwa dokotala wina wa maopaleshoni okonza maonekedwe, Maxwell Maltz, amene analemba mu 1960 kuti odwala ake ankatenga masiku osachepera 21 kuti azolowere nkhope yawo yatsopano. Sanayeze za mowa, ndipo anati "osachepera", koma anthu pofotokozerana anataya liwu limenelo panjira. Amene anayezadi ndi Phillippa Lally ndi anzake ku University College London, m'kafukufuku amene anatuluka mu 2009. Anthu 96 anasankha kachizolowezi kamodzi katsopano, monga kumwa madzi pa nthawi inayake kapena kuyenda pang'ono tsiku lililonse. Nthawi ya pakatikati yoti chinthucho chizingochitika chokha inali masiku 66, koma ena zinawatengera masiku 18, ndipo kwa ena chiwerengero chinkafika masiku 254. Onaninso kuti apa tikunena za kumanga tizizolowezi topepuka, osati kugwetsa chizolowezi cha zaka 15 chomwe chili ndi mankhwala osintha ubongo mkati mwake. Chinthu chimodzi chokha cha m'kafukufukuyu chomwe ndikufuna muchisunge n'chakuti kuphonya tsiku limodzi sikunagwetse zomwe anthuwo anali atamanga.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yanu yonse, ndiye ndichedwepo. Ubongo sufufuta zomwe unaphunzira. Umangolemba phunziro latsopano pamwamba pa lakale. Mark Bouton wa ku University of Vermont wathera zaka zambiri akusonyeza zimenezi. Nyama ikaphunzira kuti kulira kwa belu kumabweretsa chinthu, kenako n'kuphunzitsidwa kuti beluyo sabweretsanso kanthu, imaoneka ngati yaiwala. Koma ukaibwezera m'khola momwe inaphunzirira poyamba, khalidwe lakale limadzuka. Limadzukanso pakangopita nthawi, kapena nyamayo ikalawa pang'ono chinthu chija. Phunziro lakale limayenda ndi munthu kulikonse, pomwe latsopano limakhala lomangirira ku malo ndi mkhalidwe momwe munaliphunzirira. Inu munaphunzira kusamwa muli kunyumba, kuntchito, mtima uli m'malo. Simunaphunzirepo kusamwa mutakwiya, mutaima pakhomo paja, anzanu akukuitanani dzina.

Zili ngati njira yodutsa m'tchire yomwe yapondedwa zaka zambiri. Anthu akasiya kudutsamo udzu umamera, moti mlendo sangaidziwe. Koma nthaka yake ikadali yotsika, ndipo mvula yamphamvu ikagwa madzi amatsata momwemo. Kuchira kokhalitsa si kufafaniza njira yakaleyo, chifukwa zimenezo sizitheka. Ndi kuponda njira ina mpaka izame kuposa yakale, komanso kudziwa masiku a mvula.

Ndiye miyezi 7 ija inapita kuti? Siinapite kulikonse. Chiwindi chinapuma, thupi linaona mmene tulo ta munthu wosamwa timakhalira, ndipo koposa zonse muli ndi umboni woti mumatha, womwe chaka chapitacho munalibe. Mu 2000, Thomas McLellan ndi anzake anayerekeza kumwerekera ndi matenda ena okhalitsa. Anapeza kuti mwa anthu 100 alionse amene alandira chithandizo cha mowa kapena mankhwala osokoneza bongo, 40 mpaka 60 amayambiranso chaka chisanathe, chiwerengero chosasiyana kwenikweni ndi cha odwala mphumu kapena kuthamanga kwa magazi amene matenda awo amabukanso. Wa mphumu akabanikanso sitinena kuti alibe mtima wofuna kupuma. Timafunsa chomwe chautsa matendawo, n'kukonza chithandizo.

Pali mkangano wakale woti kodi uchidakwa ndi matenda kapena ndi kusankha kwa munthu. Ine mkanganowu umanditopetsa, chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi theka la choonadi. Kafukufuku wa ana amapasa ndi wa ana oleredwa ndi makolo ena amasonyeza kuti pafupifupi theka la chiopsezo cha uchidakwa n'chakumtundu. Zimenezo simunasankhe. Koma kupita kuchipatala, kusintha njira yobwerera kunyumba, kuimbira munthu foni, zimenezo mukhoza kusankha, ndipo palibe angakusankhireni.

Chinanso chomwe ndikufuna muchione bwino ndi zomwe zinachitika botolo loyamba lija litatha. Alan Marlatt wa ku University of Washington ankasiyanitsa kuterereka ndi kugwa. Botolo limodzi patatha miyezi 7 ndi kuterereka. Chomwe chimasandutsa kutererekako kukhala kugwa nthawi zambiri ndi mawu amene munthu amadziuza m'mawa mwake: "Ndaononga kale zonse, ndine wachabechabe, bola ndingopitiriza." Manyazi amenewa amawawa, ndipo munthu amene ubongo wake unaphunzira kuti mankhwala a kuwawa ndi mowa, mukudziwa kale komwe amalowera. Sindikunena kuti botolo limodzi lilibe vuto. Kwa inu lili nalo lalikulu, ndipo kunena mosapsatira, zomwe zakuchitikirani zikusonyeza kuti "limodzi lokha" si njira yanu. Alipo anthu amene vuto lawo ndi laling'ono omwe amatha kungochepetsa, koma munthu wa zaka 15 amene botolo limodzi lamubwezera pachiyambi sali m'gulu limenelo. Chomwe ndikunena n'chakuti pakati pa botolo loyamba ndi mwezi wathunthu wakumwa pali zitseko zambiri zotulukira, ndipo manyazi ndi amene amazitseka.

Mphamvu ya malo inaonekera poyera pa nkhondo ya ku Vietnam. Boma la America litada nkhawa ndi kuchuluka kwa asilikali ake ogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo otchedwa heroin, linapempha katswiri wa kafukufuku Lee Robins kuti awatsatire amene anabwerera kwawo mu 1971. Pafupifupi msilikali mmodzi mwa asanu alionse ananena kuti anali atamwerekera ali kunkhondoko. Aliyense ankayembekezera tsoka. Koma mwa amene anamwerekerawo, pafupifupi 5 okha pa 100 alionse ndi amene anamwerekeranso m'chaka choyamba, ndipo m'zaka zitatu anali pafupifupi 12 pa 100. Anasiya kutali mantha a nkhondo, anzawo osuta nawo, ndi mankhwala opezeka mosavuta. Sikuti ndikukuuzani kuti musamuke. Ambiri sangathe, ndipo mavuto a mumtima amakwera nawo basi yomweyo. Koma munthu akhoza kusamutsa zambiri asanachoke panyumba pake.

Yambani ndi zooneka. Njira ija musadutsenso, ngakhale yozungulira italike bwanji. Tsiku lolandira malipiro ndalama zisagone m'thumba mwanu. Gwirizanani ndi mayiwo kapena munthu wina wodalirika momwe zizisungidwira. M'nyumba musakhale mowa, ngakhale wa alendo. Anzanu aja auzeni kamodzi momveka kuti munasiya, osati "lero ayi", chifukwa "lero ayi" amamva ngati "mawa inde". Ena mwa iwo mudzawataya, ndipo zidzakuwawani. Anthu ambiri amene akhala zaka osamwa si kuti ali ndi mtima wachitsulo kuposa inu. Anakonza moyo wawo kuti mtimawo usamayesedwe kakhumi pa tsiku.

Kenako konzekerani mvula. Katswiri wa za maganizo Peter Gollwitzer anasonyeza kuti munthu amene wakonzeratu kuti "zikachitika zakuti, ndidzachita chakuti" amakwaniritsa cholinga chake kawirikawiri kuposa amene wangotsimikiza mumtima. Yanu ikhale yachindunji: tikakangana kunyumba ndipo ndikufuna kutuluka, ndidzapita kwa uje, ndipo ndidzamuimbira ndisanatseke chitseko. Munthuyo adziwiretu. Chibaba chikabwera musalimbane nacho ngati mukugwetsana, ndipo musachithawe. Chiyang'aneni: chili pati m'thupi, pakhosi kapena m'mimba, chikukwera kapena chikutsika? Chimabwera ngati funde, chimafika pachimake, ndipo nthawi zambiri chimatsika theka la ola lisanathe ngati simukuchidyetsa ndi maganizo. Nthawi iliyonse yomwe funde ladutsa inu osamwa, mwapondanso kamodzi njira yatsopano ija.

Funso lovuta kwambiri ndi ili: mowa unkakugwirirani ntchito yanji? Unkakupatsani anzanu, pothawira phokoso, tulo, kapena kulimba mtima kolankhula? Mukauchotsa osaikapo china, pamatsala dzenje la maola atatu kapena anayi madzulo alionse, ndipo dzenje silikhala lopanda kanthu nthawi yaitali. Miyezi yoyamba zinthu zambiri zimamveka zosakoma, tulo timavuta, munthu amapsa mtima ndi tinthu tating'ono. Si kuti moyo wosamwa ndi wotero. Ndi ubongo umene ukubwezeretsa muyeso wake, ndipo zimenezi zimatenga miyezi, osati masabata. Ngati pansi pa zonsezi pali kukhumudwa kosatha, nkhawa yaikulu kapena zoopsa zakale zomwe simunaziuzepo munthu, zimenezo zimafuna chithandizo chakechake pa nthawi yomweyo. Kusiya mowa koma chilondacho chikadali chomwecho ndi kumene kumabweza anthu ambiri.

Mufunsenso dokotala za mankhwala, chifukwa anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti alipo. Naltrexone amatseka mbali ya ubongo yomwe mowa umadzera popereka chisangalalo, choncho amachepetsa chibaba komanso mwayi woti botolo limodzi libereke khumi. Samwedwa ndi munthu amene akugwiritsa ntchito mankhwala opha ululu a mtundu wa morphine, ndipo dokotala amayamba wayeza chiwindi. Acamprosate amathandiza ubongo kukhazikika munthu atasiya kale. Disulfiram amadwalitsa kwambiri munthu akamwa mowa, ndipo amathandiza makamaka pomwe pali wina woonetsetsa kuti akumwedwa tsiku lililonse, mwiniwake atavomera. Kumuthirira munthu mobisa n'koopsa. Palibe mwa mankhwalawa amene ndi matsenga. Amangotsitsa phiri kuti likwereke.

Za magulu othandizana, lodziwika kwambiri ndi Alcoholics Anonymous, lomwe Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith analiyambitsa mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankalikayikira, koma mu 2020 John Kelly ndi anzake anaunika kafukufuku wambiri pamodzi, n'kupeza kuti pa anthu amene analowetsedwa m'magulu oterewa mwa dongosolo, 42 pa 100 anali asanamwebe patatha chaka, poyerekeza ndi 35 pa 100 mwa amene analandira uphungu wa mitundu ina. Mmene ndimaonera ine, mphamvu yake yaikulu siili m'mawu amene amanenedwa kumeneko. Ili poti mumapeza anzanu atsopano amene madzulo awo sazungulira botolo, ndiponso munthu amene mungamuimbire pakati pa usiku osachita manyazi. Ngati kachitidwe ka gulu limeneli sikakukomerani, funani lina kapena mlangizi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ulendo woyamba uja mukuoneka kuti munalisenza nokha.

Mayi a kunyumba nawonso ali ndi gawo, koma si la upolisi. Njira ina yotchedwa CRAFT, yomwe Robert Meyers anaikonza ku University of New Mexico, imaphunzitsa achibale kuyamikira masiku osamwa, kusabisa ndi kusakonza zomwe womwayo waononga ataledzera, kulankhula munthu akakhala kuti sanamwe, komanso kudzisamalira okha. Pa kafukufuku wa mu 1999, mabanja pafupifupi awiri mwa atatu alionse amene anaiphunzira anakwanitsa kukopa wachibale amene ankakana chithandizo kuti achilandire. Inu simukukana, choncho ntchito yawo yapepukako. Apempheni mupite limodzi kwa mlangizi ngakhale kamodzi. Koma musawapemphe kuti akukhulupirireni lero. Chikhulupiriro chawo chidzabwera mochedwa kuposa kusintha kwanu, ndipo ali ndi ufulu wochedwa.

Mwina mukudzifunsa ngati nkhondoyi idzakhala yotere moyo wonse. Ayi. George Vaillant wa ku Harvard anatsatira amuna mazanamazana kwa zaka zoposa 50, ndipo anapeza kuti kuyambiranso kumakhala kofala m'zaka ziwiri zoyamba, koma munthu akafika zaka 5 osamwa kumachitika mwa apo ndi apo. Njira yakale ija imakhalapobe pansi pa udzu, koma masiku ambiri amadutsa munthu osaiganizira n'komwe.

Sabata ino, mukamapita kwa dokotala, tengani pepala lomwe mwalembapo maola atatu a tsiku lija botolo lisanafike m'manja mwanu. Munali mutagona bwanji usiku wake, munali mutadya kapena ayi, mkanganowo unali wa chiyani, munali ndi ndalama zingati, ndipo ndi pa mphambano iti pomwe miyendo inakhotera kumene inakhoterako. Mulembenso masabata awiri a m'mbuyo mwake, chifukwa kawirikawiri pamakhala tizinthu tomwe tinayamba kumasuka kale: kusiya kucheza ndi munthu amene ankakulimbikitsani, kuyamba kuganiza kuti mwachira ndipo botolo limodzi silingakuchiteni kanthu. Pepala limenelo mukaliwerenge pamodzi ndi mlangizi, mzere ndi mzere, ndipo pa mzere uliwonse mulembe chomwe mudzachite ukadzabweranso.